Mabuleki Atsopano pa Maliro a a Malizani

Kwathu chinthu chatsopano sitichivula pulasitiki. Mipando ya sofa imene bambo anagula ndili Sitandade 6 ikadali m'pulasitiki mpaka lero, moti mlendo akakhalapo mwezi wa Okutobala, podzuka amamveka ngati akumatula bandeji. Rimoti ya TV ili m'kathumba kake. Makapu amaluwa ali m'kabati yagalasi, akudikira alendo amene sanabadwe. Kiyi wa kabatiyo amayenda ndi bambo.

Galimoto yokha ndi imene tinagula ili yakale, kagalimoto kofiira kamene kanatopa kale kwa eni ake oyamba. Bambo amagwira ntchito yamashifiti m'nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo ndipo amatengedwa ndi basi ya kuntchito, choncho galimotoyo imatuluka popita kutchalitchi kapena wina akadwala. Ine ndinamaliza Fomu 4 chaka chatha, ndinatenga laisensi mu Epulo, ndipo kuyambira pamenepo ndine woyendetsa wapakhomo. Ntchitoyi ndimaikonda chifukwa woyendetsa salankhula. Amangoyang'ana kutsogolo, anthu n'kumati mnyamatayu ndi wosamala.

Mabuleki atayamba kukukuta chitsulo, aliyense mumsewu wathu ku Kawale akanadziwa kopita. Nyumba yachisanu kuchokera kwathu kunali a Malizani, makaniko wopuma ntchito, amene ankakhala pakhonde tsiku lonse wailesi ili chete, kumvetsera magalimoto. Galimoto ikamakwera hampu ya pakhomo pawo, iwo ankakuwa matenda ake. “Belingi yakumbuyo!” Kapena, “Shokabu!” Sankalakwitsa. Koma ukapita kukawafunsa, ankayamba ndi iwo kukufunsa: unalimva liti phokosolo, utaponda kapena usanaponde, pokhota kapena poongoka. Ukakayikakayika ankaitana akazi awo kuti nawonso adzamve yankho lako. Ine mafunso a pakamwa amandiumitsa lilime. Ndinasankha vidiyo ya pafoni.

M'vidiyomo munali mzungu wandevu, m'galaja yoyera ngati chipinda cha opaleshoni. Ntchito yonse ankaimaliza m'mphindi khumi ndi zinayi. Nditaionera kakhumi ndi kamodzi, ndinapita kwa bambo.

“Bambo, mabuleki ndikhoza kusintha ndekha.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwina chifukwa sanazolowere kundimva ndikufika kumapeto a chiganizo. Lachinayi anabwera ndi katoni kuchokera ku Biwi. Munali madisiki awiri, zitsulo zophwatalala zija zimene zimazungulira pamodzi ndi tayala, ndi mapadi anayi amene amapana disiki kuti galimoto iime.

Ndinayamba Lachisanu m'mawa. Jeke, matayala, mabawuti a kalipa yogwira mapadi, zonse zinayenda ngati za mzungu uja mpaka ndinafika pochotsa madisiki akale. Anali atamatirira ndi dzimbiri. Mzungu anagogoda kawiri ndi hamala yalabala, disiki n'kugwera m'manja mwake. Kwathu kulibe hamala yalabala. Ndinazungulira nyumba yonse kufunafuna chinthu cholemera koma chosakhala chitsulo, ndipo kuseri kwa khitchini ndinapeza musi wa amayi uli mumtondo. Amayi anali kumsika.

Disiki yakumanja inachoka nditamenya kanayi. Yakumanzere inakana. Ndinamenya mpaka thukuta, ndipo kawiri musi unaterereka n'kugunda china chake kumbuyo kwa disiki, chimene chinalira ngati chitini. M'vidiyo munalibe chitini, choncho sindinachiganizire. Disiki itachoka, musiwo ndinaupukuta ndi udzu n'kuubwezera mumtondo.

Nthawi imeneyo bambo anali atadzuka. Zotsegula katoni sakanasiyira munthu wina. Madisiki atsopano anali opakidwa mafuta oletsa dzimbiri, ndipo mzungu ananena momveka bwino kuti mafutawo atsukidwe.

“Ukupita kuti ndi beseni?” bambo anafunsa.

“Kukatsuka.”

“Mafuta a kufakitale? Anthu anapanga chitsulo, n'kuchipaka mafuta, iwe wa ku Kawale uwatsuke? Ika momwemo.”

Kenako anapeza kathumba kakang'ono pansi pa katoni. Munali tizitsulo tonyezimira togwira mapadi kuti asamagwedere, ndi kapaketi ka girizi.

“Takaleto tathyoka?”

“Ayi, koma...”

“Ndiye iti tisunge.”

Ndinaona ndi maso anga tizitsuloto tikulowa m'kabati yagalasi, pakati pa makapu amaluwa ndi chithunzi cha ukwati. Ndinkadziwa kuti n'kulakwa. Komabe ndinaika madisiki ndi mafuta awo, n'kubwezera tizitsulo takale.

Madzulo a tsikulo ndinaitulutsa galimoto kukaiyesa. Nditafika pa hampu ya kwa a Malizani ndinaponda buleki, ndipo panamveka kulira kwa nkhumba imene akuimangirira panjinga. Amayi ogulitsa tomato anatembenuka. Agalu a nyumba ziwiri anayankha. Ndinayang'ana pakhonde paja ndikudikira kukuwidwa, koma mpando unali wopanda munthu. A Malizani anali m'chipatala kuyambira Lachiwiri. Mtima wanga unakhala pansi, ndipo zimenezo ndimachita nazo manyazi mpaka pano.

Mlongo wanga Favour, wa Fomu 2, anandichingamira pageti.

“Achimwene, nkhumbayo tidya liti?”

Loweruka m'mawa tinamva kulira kwa amayi kumtunda kwa msewu. Titatuluka tinapeza anyamata akuyala masamba aawisi pamsewu, mbali iyi ndi mbali iyo ya nyumba ya a Malizani.

Isanakwane 9 koloko kunabwera a Lucious, wapampando wa komiti ya maliro m'dera lathu, munthu wamfupi amene amavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anakhala pa sofa, pulasitiki n'kulira. Ine ndinabweretsa madzi akumwa n'kuima pakhomo lopita kukhitchini.

“Bambo a Leston, mwambo ndi mawa masana,” anatero.

“Mawa ndili pashifiti,” bambo anayankha motsitsa. “Tikuwerenga katundu. Ndayesa kusinthana ndi anzanga, zakanika.”

A Lucious anamwa madzi pang'onopang'ono. “Pamaliro a kwa a Pearson munali pashifiti. Kwa mwana wa a Kassimu munali pashifiti. Ine ndimamvetsa. Koma anthu samva shifiti, bambo. Anthu amaona nkhope. Akumafunsa kuti kodi a Herbert a ku Thyolo aja ali ndi manda awoawo a m'nyumba?”

Bambo anayang'ana pansi. Kenako anayang'ana panja pamene panali galimoto.

“Galimoto ibwera. Leston ayendetsa.”

“Zikomo. Inyamula anamfedwa, kumbuyo kwenikweni kwa lole ya bokosi.” Anadzuka, pulasitiki n'kumatuka. Ali pakhomo anatembenuka. “Dzulo ndinamva ngati winawake akupha nkhumba mumsewu muno.”

“Takonza,” bambo anatero.

A Lucious anapita. Kenako bambo anandiitana ndi dzina, zimene sachita kawirikawiri.

“Leston, kwathu n'kutali. M'nyumba muno mukadzagwa zovuta, amene adzabwere kudzayala masamba pamsewu ndi anthu omwewa. Akadzakhala m'nyumba zawo, tidzalira tokhatokha basi. Galimoto imeneyi mawa ikhala nkhope yanga. Isakalire.”

“Ndiye mundipatse kiyi wa kabati.”

Anatsegula okha. Kathumba kaja anakanyamula ngati akupereka mwana wamkazi ku ukwati.

“Kathumbako ubweze,” anatero.

Tsiku lonse la Loweruka, kupatula maola awiri amene ndinakakhala pamaliro kumbuyo kwa azibambo, ndinali pansi pa galimoto. Zonse ndinkachita mwakachetechete, chifukwa pafupi ndi maliro sugogoda chitsulo. Favour anakhala pa ndowa yovundikira, foni m'manja, kundiwerengera zifukwa zimene mabuleki atsopano amalirira.

“Choyamba, simunatsuke madisiki. Achimwene, munatsuka?”

“Werenga chachiwiri.”

“Chachiwiri, mwagwiritsa ntchito tizitsulo takale. Chachitatu, simunapake girizi. Kodi m'vidiyomo munkaonera chiyani, ndevu?”

Madisiki ndinawatsuka ndi madzi otentha ndi sopo waufa mpaka analira pansi pa chala. Mapadi anali atamwa mafuta pang'ono pamwamba, ndiye ndinawakwecha pa sandipepa. Ndinaika tizitsulo tatsopano, tinalowa ndi kaphokoso kosangalatsa. Girizi ndinapaka kumsana kwa mapadi, Favour akubwerezabwereza kuti kumsana, osati kumaso, pokhapokha ngati ndikufuna kuti mawa maliro akhale awiri.

“Chomaliza,” anatero. “Akuti muthamange mpaka liwiro la sikisite, muponde buleki mwamphamvu, mubwereze kakhumi kuti mapadi azolowerane ndi madisiki.”

Tinayang'anana. Msewu wathu kumunsi umathera pa ngalande. Potulukira ndi pamodzi pokha, kumtunda, podutsa pamasamba. Ukafika pamasamba wanjinga amatsika, wachipewa amavula, galimoto imakwawa. Ndipo ngakhale ndikanakwawa n'kudutsa, anthu akanati mwana wa a Herbert akukazungulira m'tauni mnansi wake ali m'bokosi.

Choncho ndinaiyesera pabwalo. Kuchokera pageti kufika pamtengo wa gwafa ndi mapazi asanu. Ndinapita kutsogolo, n'kuponda. Zii. Ndinabwerera, n'kuponda. Zii. Nkhumba inali itafa. Pakati pa geti ndi gwafa, ulendo uliwonse, pankamveka kakuti “kwe” kamodzi, kakang'ono.

“Mwamva?” anafunsa Favour.

“Ndi nkhuku za kwa a Kassimu.”

Ndinakamva bwinobwino. Ndinangosankha kuti sindinakamve.

Lamulungu ndinavala malaya oyera. Mwambo unayamba 1 koloko, ndipo pamene abusa ankamaliza ulaliki, galimoto ndinali nditaiimika kale kumbuyo kwa lole. Kuchokera kwathu kufika pamenepo “kwe” uja anamveka kangapo, koma amayi a kwaya ankaimba mokweza ndipo palibe amene anatembenuka.

Anamfedwa, mayi Malizani, anatuluka m'nyumba atafunditsidwa chitenje kumutu, nkhope yosaoneka. Kumanja anawagwira mayi Jemima, mlongo wa malemu. Kumanzere anawagwira amayi anga. Anakhala onse atatu kumbuyo. A Lucious anakhala kutsogolo pambali panga, n'kumanga lamba ngati tikupita ku Blantyre.

Lole inanyamuka pang'onopang'ono, pa liwiro la munthu woyenda pansi. Amayi oimba anali mbali zonse ziwiri, azibambo pambuyo, kenako magalimoto ena atatu. Ndinachotsa phazi pa buleki.

Kwe.

Tinayenda mapazi angapo.

Kwe.

Pabwalo pathu tayala linkangozungulira kamodzi, n'chifukwa chake kankamveka kamodzi. Pano msewu unali wautali. Kwe. Kwe. Kwe. Sikankafulumira, sikankachedwa. Patapita kanthawi ndinazindikira kuti amayi oimba pafupi ndi zenera langa ayamba kuponda motsatira kaphokosoko, ndipo nyimbo yonse yatsika liwiro kuti igwirizane nako.

“Munati mwakonza,” a Lucious ananong'ona, maso ali kutsogolo.

“Inali ina,” ndinayankha.

“Ina chiyani?”

“Nkhumba.”

Anakweza galasi la zenera. Phokoso linakula, chifukwa tsopano linali m'kati pamodzi nafe. Analitsitsanso. Ndinayesa kuponda buleki pang'ono, osasintha. Ndinayesa kusendera kumbali kwa msewu kumene kuli mchenga, osasintha. Titafika pokhota pa chigayo, nditapinda chiwongolero, kaphokoso kaja kanatalika, kweeeee, mpaka tinamaliza kukhota. Anyamata amene anakhala ndi bokosi pa lole anatembenuka onse pamodzi. Mwana wina m'mbali mwa msewu anaseka, mayi ake n'kumutseka pakamwa. Malaya anga anamatirira kumsana. Ndinaganiza za bambo ali ku Kanengo kuwerenga makatoni, akukhulupirira kuti nkhope yawo ikuyenda bwino.

Ndipamene pansi pa chitenje panatuluka mawu.

“Kumanzere.”

“Pepani, mlamu,” anatero mayi Jemima, akuwasisita pamsana. “Limbani mtima. Tonse njira ndi yomweyi.”

“Ndati kumanzere. Kutsogolo.” Mawuwo anali ouma, opanda misozi. “Mwanawe, chotsa phazi pa buleki.”

“Sindinaponde, amayi.”

“Ponda.”

Ndinaponda pang'ono. Kwe.

“Siya.”

Kwe.

“Ndiye si mapadi,” chinatero chitenje. “Mapadi amalira ukawaponda. Ichi chikulira chokha, tayala likazungulira. Disiki yakale inavuta kuchoka?”

“Inavuta.”

“Unamenya ndi chiyani?”

Ndinayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Ndinakumana ndi maso a amayi anga.

“Ndi mtengo,” ndinatero.

“Mtengo wanji?”

“Musi.”

M'galimoto munali zii, kupatula tayala lija.

“Musi wa ndani?” anafunsa amayi.

“Ndinaubweza.”

“N'chifukwa chake nsinjiro za dzulo zimanunkha galaja,” amayi anatero. “Ine n'kumanamizira mtedza wa eni ake.”

“Elube, tili pamaliro,” anatero mayi Jemima powadzudzula amayi.

“Imitsa galimoto,” anatero mayi Malizani.

A Lucious anatembenuka mpaka lamba anawakoka. “Amayi, pepani. Ulendo wa kumanda suima panjira. Tatsala pang'ono, tipirire.”

“A Lucious, ndakhala ndi munthu uyo zaka makumi anayi ndi ziwiri. Ankasiya chakudya m'mbale chifukwa minibasi yadutsa ndi belingi yotha. Tsiku la ukwati wathu anatsika m'galimoto ya akwati ndi suti n'kukagona pansi pake. Inu mukuganiza kuti m'bokosimo akupuma, chinthu ichi chikumulondola pambuyo? Imitsa, mwanawe.”

Ndinaimitsa.

Lole inapita mapazi khumi, woyendetsa anaona pagalasi, nayenso anaima. Magalimoto a kumbuyo anaima. Nyimbo inatha m'zidutswazidutswa, mayi mmodzi womaliza anapitiriza yekha mzere wathunthu asanazindikire. Kenako ndinamva kunong'ona kukuyenda m'khamu, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo.

“Akukana.”

“Malemu akukana kupita.”

Kwathu kuno galimoto ikaima yokha pa ulendo wa maliro, anthu amadziwa kuti womwalirayo ali ndi chifukwa. Ena anayamba kuyang'ana achibale a malemu ochokera ku Dowa. Ena anayang'ana abusa. Kenako onse, anthu mwina mazana atatu, anayang'ana chitseko changa chikutseguka. Moyo wanga wonse ndakhala ndikusankha mpando wakumbuyo m'kalasi, njira yakuseri popita kugolosale, vidiyo m'malo mwa moni, kuthawa chinthu chimodzi chomwechi.

“Pinda chiwongolero mpaka kumapeto,” mawu anatuluka pazenera lakumbuyo. “Tenga sipanala ya matayala. Gwada.”

Ndinagwada m'fumbi ndi malaya oyera.

“Pisa dzanja kumbuyo kwa disiki. Usagwire disikiyo, mwina yatentha. Pali chitsulo chopyapyala, ngati chivundikiro cha poto. Ntchito yake n'kutchinga fumbi. Wachipeza?”

“Ndachipeza.”

“Tsatira m'mphepete mwake ndi chala. Pali pamene chapindikira m'kati.”

Panalidi. Pamwamba chakutsogolo, mapindiko awiri oyandikana, kukula kwake ndendende ngati mutu wa musi. Nditasuzumira ndinaona kamzere kowala pamene chinkakhudza disiki.

Pofika apa azibambo anali atandizungulira. Pamaliro a makaniko aliyense amasanduka makaniko.

“Amenewo ndi mafuta a buleki, atha.”

“Ayi, tayala laphwa.”

“Magalimoto a masiku ano ndi a kompyuta, osawagwiragwira.”

“A Lucious,” anatero mayi Malizani, “auzeni asendere, akumutchingira kuwala.”

Ndipo a Lucious, amene mphindi ziwiri zapitazo ankati ulendo wa kumanda suima, anatambasula manja n'kuyamba kukankha anthu. “Tasenderani, abale. Mupatseni mpata mnyamatayu agwire ntchito.”

“Lowetsa mbali yophwatalala ya sipanala pakati,” anapitiriza mayi aja. “Kankhira kumbuyo. Pang'ono, sukuthyola chitseko. Chala chizilowa pakati pa chitsulocho ndi disiki, kuzungulira konse.”

Ndinakankha. Chitsulocho chinati “pho” n'kubwerera. Ndinayendetsa chala kuzungulira. Sichinkakhudza paliponse. Ntchito yonse inatenga mwina mphindi imodzi. Ndinadzuka, mawondo ofiira ndi dothi, dzanja lakuda mpaka pachigongono, ndipo ndinalowa m'galimoto osayang'ana munthu.

A Lucious anakweza dzanja kwa woyendetsa lole. Lole inanyamuka. Ndinachotsa phazi pa buleki.

Tayala linazungulira kamodzi. Kawiri. Katatu. Anthu onse anali chete, akumvetsera galimoto yathu monga momwe malemu ankachitira pakhonde pake. Zimene zinkamveka zinali mapazi pa fumbi basi.

Bambo wina wachikulire pa lole anaika dzanja pa bokosi. “Avomera,” anatero.

Nyimbo inayambanso, pa liwiro lake lenileni.

Tinayenda kanthawi. Kenako chitenje chinasendera kutsogolo pang'ono, pafupi ndi khutu langa.

“Ndiwe mwana wa a Herbert. Umadutsa pakhomo pathu ngati ukuthawa ngongole ya moni. Bwanji sunabwere kudzawafunsa?”

“Ndinkawaopa, amayi.”

“Aliyense ankawaopa. Ine ndinasiya mu 1985.” Anapuma. “Akanakukalipira kuyambira Lachisanu mpaka lero. Kenako akanakubwereka hamala. Ilipo yalabala, ili pansi pa bedi.”

Atanena zimenezo anabwerera pampando, ndipo anayamba kulira. Sikunali kulira kwa mwambo kumene ndinamva m'mawa ali m'nyumba. Kunali kwapansipansi, kodukaduka. Amayi anga anawakumbatira. Mayi Jemima sananene kuti limbani mtima. Ine ndinayang'ana kutsogolo, ndipo hampu iliyonse ndinaikwera ngati ndanyamula mazira.

Kumanda, adzukulu atamaliza kukwirira ndipo nkhata zitaikidwa, a Lucious anaima kuthokoza. Anathokoza mpingo, amfumu, adzukulu, amayi ophika, mwini lole. Ine ndinali kumbuyo kwa mtengo, dzanja lakuda lili m'thumba.

“Tithokozenso banja la a Herbert,” anatero. “Eni ake ali kuntchito, koma sanatisiye tokha. Atitumizira galimoto, ndiponso atitumizira makaniko, kuti bambo athuwa apite mtima uli m'malo.”

Khamu linang'ung'udza movomereza. Mitu ingapo inatembenuka kundifunafuna. Mtengowo unali wochepa.

Bambo anafika kuchokera ku Kanengo dzuwa lisanalowe, ndipo anapeza a Lucious akuwadikira pageti pathu. Ndinaona bambo akuchepetsa liwiro, akuyang'ana galimoto, akuyang'ana malaya anga amene anali pachingwe atachapidwa kale.

“Bambo a Leston,” anatero a Lucious, akuwagwira dzanja ndi manja awiri. “Anthu aona.”

“Sinavute?”

“Inavuta bwino kwambiri. Komiti yagwirizana kuti kuyambira lero, m'dera lino, anamfedwa azikwera galimoto yanu. Woyendetsa yemweyu.”

“Palibe vuto,” bambo anayankha, osandifunsa. “Amakonda anthu ameneyu.”

Favour anatsamwa ndi madzi.

Madzulo omwewo bambo anandifunsa za kathumba kaja. Ndinawapatsa. Anaikamo tizitsulo takale, topindika ndi tadzimbiri, n'kukatsekera m'kabati pafupi ndi makapu amaluwa. Amayi anatenga musi n'kukauimika kuchipinda kwawo, kuseri kwa chitseko, ndipo mpaka lero akafuna kusinja amautulutsa okha n'kuubwezanso okha.

Lolemba ndinapita ku msewu wa tala n'kuponda mabuleki kakhumi monga inanenera foni. Kuyambira pamenepo ndanyamula anamfedwa katatu. Galimoto sinalirepo, ngakhale pa ulendo wachiwiri ndinaona amayi ena akuyenda pafupi ndi tayala lakumanzere, khutu lili tcheru, ngati akhumudwa pang'ono.

Patatha mwezi ndi theka, ndikuchokera kokasiya amayi kumsika, ndinakwera hampu ya kwa a Malizani. Pampando wa pakhonde paja panali mayi Malizani, duku lakuda kumutu, wailesi ili chete pambali pawo.

“Shokabu yakumbuyo,” anatero, osakweza mawu kwenikweni.

Phazi langa linafuna kupitirira. Ndinaimika galimoto pambali, ndinatsika, ndinayenda mpaka pamasitepe n'kupereka moni. Anandiyankha, n'kundilozera pansi kuti ndikhale.

“Unalimva liti phokosolo?” anafunsa. “Pokhota kapena poongoka?”